Munda Wosasosa wa a Daka

Inali isanakwane ziro seveni m'mawa, koma dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuluma m'khosi. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo, mphepo inali itagona, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya ngati ndi masana. A Onesmus Daka anali kuseri kwa nyumba, akunola khasu pamwala, pamene anaona utsi.

Utsi mwezi umenewu si nkhani ku Msoro. Wina akutentha mitengo ya thonje, wina akusosa, ena akusaka mbewa, ndipo chigwa chonse chimanunkha moto mpaka mvula itagwa. Koma utsi uwu unkakwera kuseri kwa mlambe wong'aluka, ndipo kuseri kwa mlambe umenewo kunali munda umodzi wokha. A Daka anaika khasu paphewa n'kuuyamba ulendo. Sanathamange. Munthu wa msinkhu wawo akathamanga m'mudzi, anthu amatuluka m'nyumba kufunsa kuti wamwalira ndani.

Munda umenewo chaka chino sunali wawo okha. Mwana wawo wotsiriza, Becky, anali mu giredi sikisi pasukulu ya kutsidya kwa dambo, kumene kunabwera mphunzitsi wochokera ku Mpika, Madamu Chisha. Mayi ameneyu sankavomereza zoti maphunziro amathera pachitseko cha kalasi. Masamu ana ankaphunzira atagwira chingwe m'dimba la sukulu, sayansi atapisa manja m'dzenje la manyowa, ndipo phala limene ankamwa pa buleki linali la chimanga ndi soya zolima okha. Dimba litachepa, anapempha makolo kuti mmodzi apereke munda, ana akayesereko ulimi wosatentha komanso wosagalauza: mapesi kuwasiya pansi ngati bulangeti, kukumba timaenje nthawi ya chilimwe, kuthiramo manyowa, n'kudikira mvula. Makolo onse anayang'ana pansi. Becky anakweza dzanja m'malo mwa atate ake, ndipo a Daka, atamva dzina lawo likutchulidwa pagulu, anangovomera ndi mutu.

Chiyambire Ogasiti ana aja ankabwera Loweruka lililonse. Mapesi a m'mundamo sanakwane, ndiye anatuta ena pamutu kuchokera kusukulu, anamweta udzu kudambo, n'kuyala zonsezo mpaka dothi linabisika. Becky anachita matuza m'manja. Tsiku lina akudya, mwanayo ananena osawayang'ana atate ake kuti, "Moto wokha, atate. Zina zonse tingathe kukonza." Iwo anayankha kuti moto sufikako. Sanali munthu wolonjezalonjeza, ndipo mwanayo ankadziwa zimenezo. Analambula kuzungulira munda wonse kuti moto wolusa usadumphe, anayenda khomo ndi khomo kuchenjeza osaka mbewa, mpaka anakanganapo ndi mwini mbuzi zina.

Atadutsa mlambe uja anamva nyimbo.

Inali nyimbo ya kutchalitchi, ya mtundu umene umayenda bwino ndi khasu. A Daka anaima pamalire. Amayi a gulu la Lachinayi, anzawo a malemu Alice, akazi awo, anali atadzaza munda, zitenje atamanga m'chiuno. Bulangeti lonse la ana lija linali litakokeredwa m'milu italiitali, yondanda bwino ngati yoyeza. Dothi linali poyera, losesedwa ngati bwalo la ukwati. Pakona ya kumadzulo mulu umodzi unali utayaka kale, ndipo moto unali utanyambita chigawo chonse cha pakonapo.

Amene anayamba kuwaona anali a Felister, mkulu wake wa malemu Alice, amenenso anali mtsogoleri wa gululo. Bokosi la machesi anali atalitsomeka m'duku.

"Eni munda afika," anatero a Felister, ndipo nyimbo inaduka. "Mwauka bwanji, alamu? Ife timati tithe musanadzuke."

"Ndauka bwino, kaya inu alamu, ndi amayi nonse?"

"Tauka," anayankha onse pamodzi.

"Musanene kanthu," anapitiriza a Felister, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Tikudziwa kuti inu simupempha. Takhala tikudutsa pano popita kutchalitchi, tikuona zinyalala zikungochuluka. Ana a sukulu nawonso, poona kuti ndinu ofatsa, asandutsa munda wanu dzala. Tabeth anafika polira. Akuti munda wa Alice uwu? Uja unkayamba kusosedwa m'dera lonse lino? Ndiye Lachinayi tinapangana kuti ayi, mwamuna wa mnzathu asasekedwe ife tili moyo."

"Sindinalire," anatero a Tabeth, mayi wamfupi amene anatsamira khasu chapafupi. "Ndinangoti zikumvetsa chisoni."

"Unalira."

A Daka anayang'ana milu ija, anayang'ananso amayiwo. Ena anali ndi ana kumbuyo. Onse anali atadzuka kusanache, atasiya minda yawo ikudikira, ndipo pansi pa mtengo wa msangu panali chidebe cha thobwa chovundikira ndi mbale. Chitsikire mabanja awo kuchokera ku Katete kudzafuna malo a thonje m'chigwa muno, chimene chinawasunga n'chimenechi: wina akagwa, anzake amafika ndi makasu osaitanidwa. Thandizo lotere silibwezedwa. Munthu wouza amayi a mpingo kuti alakwitsa pomuthandiza adzadziphikira yekha pamaliro ake. Koma milu inali youma gwa, yongodikira kamoto, ndipo mawu amene anamuuza Becky anali akadali m'makutu mwawo.

"Zikomo," anatero. Anakhosomola pang'ono. "Alamu, tandibwerekani machesiwo."

"Mwayamba fodya ukalamba uno?"

"Ayi. Kunyumba atha."

"Mutenge tikamaliza."

"Ndingaiwale."

A Felister anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kusolola bokosi lija m'duku. A Daka analiika m'thumba la shati n'kumanga batani. Mtima unakhala pansi pang'ono. Koma potembenuka anaona a Tabeth akupota udzu wouma, akulunjika ku mulu woyaka uja.

"Sungani machesiwo, abambo," anatero a Tabeth mokoma mtima. "Moto tili nawo kale."

"Taimani, amayi." Mawuwo anatuluka okwera kuposa mmene anafunira. "Mwini munda sanathokoze. Si bwino ntchito kutha mwini munda asanathokoze. Tiyeni pamthunzi, timwe thobwa."

Ndi kutentha kumene kunalipo, palibe amene anatsutsa. Anakhala pansi pa msangu, mtengo wokhawo umene unali ndi masamba mwezi umenewo, ndipo makapu anayamba kuyenda.

A Daka ankadziwika kuti pamsonkhano amalankhula ngati mawu ndi ogula. Tsiku limenelo anathokoza mayi aliyense payekha, kutchula dzina lake ndi la mwamuna wake lomwe. Anafunsa a Tabeth za bondo lawo. Anafunsa a Susan ngati amuna awo akadali kuphika kukampu ya alendo ku Nkwali, komanso ngati njovu zikadali kulowa pabwalo kufuna mango. Anakumbutsa gulu lonse za chaka chimene mtsinje wa Lupande unasefukira, anthu n'kukagona m'tchalitchi. Akulankhula choncho, diso limodzi linali pakona paja, pamene malawi ankafupika pang'onopang'ono mpaka kutsala utsi wokha. Chimene ankadikira kwenikweni sankachidziwa. Linali Loweruka, ana anali m'njira, ndipo iwo sankadziwa ngati akufuna kuti afike msanga kapena asafike n'komwe.

"Alamu," anawadula a Felister, "mukumva bwino m'thupi? Chikwatire mng'ono wanga sindinakumveni mukulankhula chonchi. Ngakhale tsiku lodzafunsira mbeta anakulankhulirani ndi amalume anu."

"Ndi thobwali. Lakoma."

"Mwangolinyambita."

Pamenepo kunamveka kulira kwa wilibala yopanda mafuta, ndi mawu a ana akuimba matebulo a masamu. Anatulukira kuseri kwa mlambe ali pamzere, ena atasenza matumba a manyowa, ena zitini, Becky ali patsogolo ndi chingwe chokulunga pamkono. Nyimbo inazima yokha kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Wilibala inalira kamodzi n'kuima.

Becky anayang'ana milu, anayang'ana kona yakuda ija, kenako anayang'ana atate ake, amene anali atakhala pakati pa amayiwo, kapu ya thobwa ili m'manja. Sanalire. Anavula chingwe pamkono n'kuchiika pansi mosamala, ngati chinthu chimene sachifunanso. A Daka akanakonda mwanayo akanalira.

Madamu Chisha anafika pomaliza, atavala magambutsi ndi chipewa chachikulu cha mlaza. Anaima, manja m'chiuno, n'kuyendetsa maso munda wonse. Iwo anali Mubemba, ndipo Abemba ndi anthu a kum'mawa kuno ali pachimbuya, ubale wonyozana umene ngakhale pamaliro suletsedwa, ndipo wokwiya ndiye amasekedwa. Madamu anapuma mozama n'kuyamba.

"Muli bwanji, odya mbewa? Ndiye mwagwira zingati? Munda wonsewu kuuvula chifukwa cha ndiwo za m'mawa?"

"Tamuonani wodya anyani uyu," anabweza a Felister osadzuka n'komwe. "Kwanu mumadziwa munda inu? Si mumangosadza mitengo, kutentha, n'kumwaza mawere paphulusa?"

"N'chifukwa chake anandithamangitsa. Ndinakana kutentha. Ndimati kuno ndikapeza anthu."

"Mwapeza mabwana anu."

Amayi anaseka, ana ena nawonso anaseka mobisa.

"Nanga zinyalala zanu," anatero a Felister, "mumatayiranji m'munda wa alamu anga? Kusukulu kulibe dzenje?"

"Si zinyalala zimenezo, mayi. Ndi ntchito ya ana awa. Anachita kuzisenza pamutu kuti aphimbe dothi, dzuwa lisaliwambe, mvula ikadzagwa isalikokolole. Bambo Daka anatipatsa munda."

Kamtsikana kena kotchedwa Brenda kanatuluka pamzere n'kuloza a Susan. "Amayi, si ndinakuuzani ine?"

"Unandiuza ndikuphika," anatero a Susan, maso ali m'kapu.

A Felister anatembenuka thupi lonse. "Iwe Susan, unkadziwa?"

"Ndinkayesa ndi munda wina."

Ena anayamba kuseka, koma kusekako sikunapite patali, chifukwa a Felister anali ataimirira. Anasansa chitenje, anakonza duku, ndipo nkhope yawo inali itasintha.

"Alamu, ndi zoona zimenezi? Mwatipeza tikuimba, mwatithokoza mmodzimmodzi, mwamwa thobwa lathu, muli chete. Ndiye kuti taononga? Nenani. Ngati taononga, tinyamule makasu athu tizipita, tisachitenso manyazi pamaso pa ana."

Apa chimbuya sichikanathandiza. Madamu Chisha anabwerera m'mbuyo n'kuvula chipewa. Amayi ena anali atayamba kale kufunafuna mapatapata awo.

A Daka anaika kapu pansi n'kuimirira. Anayang'ana Becky kaye, kenako alamu awo.

"Kubwera simunalakwe," anatero pang'onopang'ono. "Munaona bwino kuti ntchito yandikulira. Koma imene yandikulira si yososa. Mapesi ndinawasiya dala, ndipo ndinamulonjeza mwana uyu kuti sapsa. Milu iyi ndikupempha kuti isatenthedwe." Analoza m'mundamo. "Imene yandikulira ndi maenje. Dothi mwezi uno ndi mwala. Ndikakumba mzere umodzi msana umati basi, ndipo ana amabwera Loweruka lokha. Mvula ikatipeza maenje asanathe, thukuta la ana awa lapita pachabe. Ndakhala ndikufuna kupempha, koma pakamwa pangapa mumapadziwa. Ndiye poti mwabwera kale ndi makasu, ndikupempha. Ndithandizeni."

A Felister anawayang'anitsitsa ngati akuona munthu wachilendo. Kenako anatembenukira kwa anzawo.

"Mwamva inu? Onesmus Daka wapempha. Tabeth, tayang'ana kumwamba, mwina mvula igwa lero lomwe."

Kuseka kumene kunabuka apo kunadzutsa ndi makanda omwe anali kumbuyo. A Tabeth anapukuta m'maso, ndipo a Felister anawaloza kuti onse aone kuti munthu uyu amaliradi.

"Koma mundimvetse," anatero a Felister phokoso litachepa. "Zoti chimanga chingamere m'zinyalala ine sindikhulupirira. Mukuitana chiswe, mukuitana njoka. Tikumba chifukwa mwapempha. Koma pakona papsa paja ndi panga. Ndipagalauza ndekha, ndiunde mizere mmene ankachitira mng'ono wanga. Epulo tidzaone kuti wamisala ndani."

Madamu Chisha anaomba m'manja. "Mwandipatsa chimene ndinkasowa. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi. Ana azidzayeza mbali zonse ziwiri, ndipo adzanena zoona ngakhale zitandichititsa manyazi."

"Nanga wogonja?"

"Wogonja adzadya ndiwo za mnzake."

"Mbewa zanu ndidzawamba ndekha," anatero a Felister. "Nyani musavutike kusaka. Ndipo inu alamu, machesi anga."

A Daka anamasula batani n'kubweza bokosi lija ndi manja awiri.

A Felister anaitana Becky. Mwanayo anabwera mwaulemu n'kugwada, koma nkhope inali ikadali youma.

"Tandionetsa manja." Anawatembenuza, n'kusisita zikanga zimene zinatsala pamene panali matuza. "Ndi ntchito yako imene tagumulayi?"

"Ya tonse, amayi aakulu."

"Ndiye dzuka, utiuze poyambira. Lero kapitawo ndiwe."

Becky anayang'ana kwa Madamu, koma Madamu anali kuyang'ana mtengo. Anayang'ananso munda woseseka uja kwa nthawi ndithu, milomo ikuyenda ngati akuwerengera. Kenako anapita kukatola chingwe chake.

"Poti mapesi achoka kale," anatero ndi mawu aang'ono, "tiyambe takumba. Chingwe chiyenda bwino popanda chokola. Tikathira manyowa ndiye tiyalenso."

"Mwaona?" anatero a Felister. "Takuthandizani osadziwa."

Chingwe chija chinali ndi zitsekerero za mabotolo zofinyiramo motalikirana mofanana. Ana awiri anachikoka kuchokera kumalire mpaka kumalire n'kukhoma zikhomo, ndipo pachitsekerero chilichonse panaima mayi ndi khasu. Becky anakumba dzenje loyamba kuti onse aone: lotalika ngati phazi la munthu wamkulu, lozama mpaka khasu lipyole pouma paja pamene mizu imakanika kulowa, dothi lonse kuliika mbali imodzi. Mzere ukatha ana ankafuula manambala m'Chingerezi, kuzula zikhomo n'kusuntha chingwe ndi ndodo yoyezera. Ena ankatsatira m'mbuyo ndi zitini za manyowa.

Poyamba amayi ankangoseka. Kulima kwanji kodumphadumpha ngati nkhuku ikufukula? Koma makasu atagwira kayendedwe kake, nyimbo ija inabwerera, ndipo ana anailowetsa matebulo awo pakati mpaka sizinadziwikenso kuti akutamanda Mulungu kapena akuchulukitsa seveni. Brenda anaima pambali pa amayi ake ngati woyang'anira mayeso.

"Lachepa, amayi. Onjezerani."

"Ndinayamba kulima usanabadwe iwe."

"Eya, koma lachepa."

A Susan anaonjezera.

Chapakati pa munda a Tabeth anaima n'kutola dothi m'manja. Pamene panali mapesi khasu linkalowa, ndipo dothi linali ndi tinjira ta chiswe, pamene kumalire kunali ngati njerwa yootcha. Ananena zimenezi mokweza.

"Dothi la Alice linali lofewa kale," anayankha a Felister osadzutsa mutu.

"Nanga mitengo ya thonje, mwana wanga?" a Tabeth anafunsa Becky. "Nayonso tiziyala?"

"Ayi, amayi. Ya thonje muzizula n'kutentha, chifukwa imasunga mbozi. Koma mapesi a chimanga, masangwe a nyemba ndi udzu, zimenezo n'chakudya cha dothi."

A Tabeth anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera kwa Madamu Chisha. Anafunsa chapansipansi ngati ana angafike ndi kwawo komwe, kagawo kakang'ono chabe, kuseri kwa chulu kumene odutsa saona. Madamu anayankha chapansipansi momwemo kuti afika Loweruka likubwerali.

Maenje a a Felister anali oongoka kuposa a wina aliyense, ndipo iwo ankaonetsetsa kuti zimenezi zadziwika. Akukumba anayamba kudzudzula Madamu kuti munda wa chimanga chokhachokha ndi munda wa mbeta yaulesi. Maungu ali kuti? Khobwe ali kuti? Ana amenewa adzadya masamu? Madamu anavomera kuti mbewu ya khobwe imene anasunga kusukulu inafumbwa yonse.

"Munaisunga bwanji?"

"M'thumba, mu ofesi."

"Mu ofesi." A Felister anaimika khasu. "Anankafumbwe nawonso amafuna maphunziro. Mbewu imasungidwa m'phulusa, mumphika womata pakamwa."

"Ndiye Lachitatu mubwere kusukulu mudzawaonetse ana."

"Ine kuphunzitsa? Ndinalekera giredi folo."

"Ndiye mubwere mudzapitirize."

A Felister anatchula mawu ena okhudza Abemba amene anachititsa ana kugwira pakamwa, koma anafunsa kuti Lachitatulo afike nthawi yanji.

Dzuwa litakwera ndithu, Becky analamula kuti ayambe kuyala. Milu imene inaunjikidwa ndi nyimbo inagumulidwa ndi phokoso. Ana ankathamanga atafungatira mapesi oposa msinkhu wawo, amayi akuyala pakati pa mizere, kusiya maenje ali poyera. Fumbi linakwera, anthu onse anayera ngati ochokera kuchigayo. Pa mulu wina panatumphuka mbewa yonenepa, ndipo theka la kalasi ndi amayi angapo anaiyamba liwiro ndi makasu. Pamene fumbi linatsika, Madamu Chisha anapezeka ataimirira mu wilibala, atakwinya siketi m'manja.

"Tsikani, Madamu," anatero a Felister. "Ndiwo zanu za Epulo zikuthawa."

A Daka anali kumzere wakumapeto, akukumba mwa kayendedwe kawo kosafulumira. Anazindikira kuti akung'ung'udza nyimbo ija, ndipo anasiya msanga asanamvedwe. Becky anabwera ndi botolo la madzi n'kuwapatsa atagwada. Anamwa. Onse awiri anayang'ana kona yakuda ija, pamene phulusa linkauluka pang'ono ndi kamphepo kamene kanali katayamba.

"Moto unafikako, atate."

"Unafikako."

Mwanayo anakanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Koma pakona pokha," anatero.

"Pakona pokha."

Anatenga botolo, n'kupendeketsa mutu kuyang'ana mzere wa atate ake. "Dzenje ili lapatuka pachingwe."

"Ndilikonza, akapitawo."

Becky anabisa kumwetulira ndi botolo lija n'kuthamangira kwa anzake.

Pofika masana, pamene ngakhale mthunzi wa msangu unasiya kuthandiza, munda unali utavalanso bulangeti lake, ndipo pakati pake maenje anali atandanda kuyambira kumalire a kum'mawa mpaka pafupi ndi mlambe. Panatsala mizere yowerengeka. Amayi anatsiriza thobwa limodzi ndi ana, kapu imodzi ikuyenda pakamwa pambiri. A Daka anaimirira kuti athokoze, koma a Felister anakweza dzanja.

"Mwathokoza kale za chaka chonse. Khalani pansi." Anasenza chidebe pamutu. "Lolemba ndibwera kudzaunda mizere yanga. Aliyense asapondepo, ngakhale Mubemba."

Ananyamuka makasu ali paphewa, akukangana za amene anayambitsa nkhani yososa munda wa eni. Ana anatsatira Madamu, wilibala ikulira kutsogolo. Becky anapita nawo kukabweza zitini kusukulu, koma chingwe anawasiyira atate ake.

A Daka anakhala pamthunzi mpaka mawu onse anazimirira kuseri kwa mlambe. Kenako anadzuka, anazula zikhomo, anayeza ndi ndodo n'kukhomanso. Anakoka chingwe mpaka chinalimba, analavulira m'manja, n'kuimika khasu pachitsekerero choyamba.